Mita ikuba mayunitsi? Tiyeni tione kaye momwe imawerengera magetsi

Amene anakhalapo pamdadada wa nyumba za lendi amakadziwa kaphokoso kaja. Tii, tii, tii. Mita ikulira, mayunitsi atsala pang'ono kutha. Kwa Kanduku m'boma la Mwanza, monga m'madera ena onse momwe magetsi anafika, kaphokoso kameneka nthawi zambiri ndi chiyambi cha mlandu. Mabanja anayi, mita imodzi. Anasonkha Lolemba, lero ndi Lachinayi chabe, koma zatha kale.

Wina amaloza chala mayi wa nyumba yakumapeto kuti amaphika nyemba pa hotipuleti anthu akagona. Mayiwo nawo amati vuto ndi mnyamata wometa tsitsi pakhonde, amene amatchajitsanso mafoni a anthu tsiku lonse. Mkangano ukafika posowa kolowera, onse amagwirizana pa wolakwa mmodzi yemwe sangadziyankhire: "Mita imeneyi ndi yakuba, imathamanga."

Nkhaniyi si yaing'ono. Kwa wometa, wogulitsa mafirizesi, wowotcherera zitsulo kapena mwini chigayo, mayunitsi ndi mpamba weniweni. Kwa mabanja okhala limodzi, ndi chinthu chotha kudanitsa anthu omwe dzulo amabwerekana mchere. Ndiye funso n'loti, kodi kabokosi kameneka kamadziwa bwanji kuchuluka kwa magetsi omwe mwagwiritsa ntchito? Nanga inu mungadziwe bwanji ngati kakunena zoona?

Magetsi ake sayenda njira imodzi

Tiyambe ndi chinthu chomwe ambiri sitinauzidwe bwino kusukulu. Magetsi a mu batire ya foni yanu amayenda njira imodzi, ngati madzi a mumpopi. Koma magetsi a ESCOM omwe ali mu soketi yakhoma sayenda choncho. Amapita, n'kubwerera, kupita, n'kubwerera. Akatswiri amawatchula kuti AC. Kuno ku Malawi, ulendo wopita ndi kubwerera umenewu umachitika ka 50 pa sekondi imodzi, kutanthauza kuti magetsiwo amatembenuka ka 100 musanamalize kunena kuti "moni".

Chifukwa chake chili komwe amachokera. Magetsi ambiri m'dziko muno amapangidwa ndi madzi a mtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, malo omwe kuyambira mu 2017 akuyendetsedwa ndi kampani ya EGENCO. Nkula, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 1966, siili kutali ndi kuno. Madzi amazunguza makina, makinawo amazunguza maginito wamkulu pakati pa mawaya okulungidwa. Mbali imodzi ya maginito ikamadutsa, magetsi amakankhidwira uku. Mbali inayo ikafika, amakokedwera uko. Mukajambula zimenezi papepala zimaoneka ngati mafunde a panyanja: kukwera, kutsika, kukwera, kutsika.

Pamenepa ndi pomwe pali vuto la woyeza. Tonse timamva kuti magetsi a m'nyumba ndi mavolti 230. Koma zoona zake n'zoti mphamvu yokankha imeneyi, yomwe amati voteji, siikhala pa 230 n'kukhazikika. Imayambira pa 0, kukwera mpaka pafupifupi 325, kutsika kufika pa 0, kupitirira pansi mpaka 325 ya mbali inayo, n'kubwereranso. Mutati muphatikize manambala onsewa n'kupeza nambala ya pakati monga timachitira ndi malikisi a mayeso, yankho lake ndi 0. Zokwera ndi zotsika zimafafanizana.

Koma ketulo imawira ndithu, ndipo ayironi imawotcha. Taganizirani anthu awiri ocheka matabwa ndi sowo yaikulu ija, wina pamwamba wina pansi. Sowo imapita n'kubwerera, madzulo ili pomwe inali m'mawa, sinapite kulikonse. Koma matabwa aunjikana. Ntchito imachitika popita, imachitikanso pobwera. Magetsi a AC ndi chimodzimodzi.

Nanga 230 imachokera kuti? Akatswiri amatenga nambala iliyonse ya fundelo n'kuichulukitsa ndi iyo yomwe, zomwe zimachititsa kuti za mbali yapansi zisiye kufafaniza zinzake. Kenako amapeza ya pakati, n'kuibweza pa muyeso woyamba. Njirayi imatchedwa RMS. Tanthauzo lake ndi losavuta: funde lomwe nsonga yake ndi 325 limatenthetsa ketulo mofanana ndendende ndi magetsi a batire a mavolti 230 osasinthasintha. Choncho 230 si bodza, ndi muyeso wa ntchito yomwe fundelo lingagwire.

Kuchokera pa kambale kozungulira kufika pa kachipu

Achikulire amakumbukira mita zakale zija, zagalasi, zokhala ndi kambale ka aluminiyamu kozungulira mkati. Mukayatsa mbaula kambaleko kamathamanga, mukazimitsa kamayenda ngati nkhono. Munthu wa ESCOM amabwera kudzawerenga manambala, bilu n'kubwera pambuyo. Luso limeneli ndi lakale kwambiri. Mu 1888, Oliver Shallenberger wa kampani ya Westinghouse ku America anapanga mita yoyendera magetsi a AC, ndipo mu 1889 Ottó Bláthy wa kampani ya Ganz ku Budapest anatulutsa mita yowerenga mphamvu yeniyeni yomwe yagwiritsidwa ntchito. Mtundu umenewu unalamulira dziko kwa zaka zoposa 100.

Mita yomwe ili pakhoma panu kapena papolo lero ilibe chozungulira. Ili ndi kachipu, kofanana ndi tomwe tili mu foni. Kachipuka kamayang'anira zinthu ziwiri nthawi imodzi. Choyamba ndi voteji, mphamvu yokankha ija. Chachiwiri ndi karenti, kuchuluka kwa magetsi omwe akudutsa m'waya, komwe kumayezedwa m'maampu. Pofuna kudziwa karenti, magetsi onse olowa m'nyumba mwanu amadutsa pa kachitsulo kapadera komwe khalidwe lake silisintha kwenikweni kukatentha kapena kukazizira, kapena m'kati mwa kamkombero kokulungidwa waya komwe kamatulutsa chizindikiro chaching'ono cholingana ndi magetsi odutsawo.

Tsopano nayi mfundo yaikulu. Kachipuko sikayeza kamodzi n'kumaganizira zotsalazo. Kamayeza maulendo masauzande angapo pa sekondi iliyonse. Inu a mafoni mukudziwa kuti vidiyo ndi zithunzi zambirimbiri zojambulidwa motsatizana, mwina 30 pa sekondi. Mita imachita zomwezo ndi funde la magetsi, koma mothamanga kwambiri kuposa kamera yanu. Tiyerekeze kuti ikujambula ka 4 000 pa sekondi. Ndiye kuti funde limodzi lokha, lomwe limatha m'kanthawi kochepa kuposa kuphethira, lajambulidwa ka 80.

Pa chithunzi chilichonse, mita imatenga voteji ya nthawi yomweyo n'kuichulukitsa ndi karenti ya nthawi yomweyo. Yankho lake ndi mphamvu yomwe nyumba yanu ikukoka pa kamphindi kameneko, m'mawati. Kenako imaunjika timayankho tonseti, sekondi ndi sekondi, usana ndi usiku. Mulu ukakwana mawati 1 000 kwa ola limodzi, imeneyo ndiye yuniti imodzi, yomwe pa risiti amalemba kuti kWh. Mita imachotsa yunitiyo pa zomwe munagula, pang'onopang'ono, ndipo zikafika pa 0 kaswitchi ka mkati kamadula magetsi. Basi, ntchito yake ndi imeneyi.

Chifukwa chiyani kuvutika chonchi?

Wina angafunse kuti, bwanji osangotenga 230 n'kuchulukitsa ndi maampu, nkhani n'kutha? Pa ketulo, ayironi ndi hotipuleti, masamu amenewo amagwiradi, chifukwa voteji ndi karenti zimakwera ndi kutsika limodzi. Koma si zipangizo zonse zili choncho.

Tengani injini ya magetsi, monga ya chigayo, ya pampu yamadzi kapena ya firiji. Mkati mwake muli mawaya okulungidwa omwe amachedwetsa karenti. Voteji ikafika pa nsonga, karenti imakhala ikadali m'njira. Tibwerere kwa ocheka matabwa aja: wapamwamba akukoka, wapansi sanamalize kukoka kwake. Onse akutuluka thukuta, koma gawo lina la mphamvu zawo likungolimbana lokhalokha, silikucheka thabwa. Mu injini, gawo limenelo la magetsi limalowa n'kubwerera m'nthambo osagwira ntchito. Akatswiri amayeza kusagwirizanaku ndi nambala yotchedwa power factor.

Tiike manambala. Injini ikukoka maampu 10 pa mavolti 230. Kuchulukitsa mwachidule kukupatsani 2 300. Koma ngati power factor yake ndi 0.8, mphamvu yeniyeni ndi mawati 1 840 okha. Mita yosasamala ikanakulipiritsani 2 300. Mita yomwe imachulukitsa kamphindi ndi kamphindi imaona nthawi zomwe mphamvu ikubwerera, imazichotsera, n'kukulipiritsani 1 840. Kuyeza pafupipafupi kuja kumateteza thumba lanu. Makasitomala akuluakulu monga mafakitale amakhala ndi mitengo ina yomwe imawerengeranso katundu yense yemwe akusenzetsa nthambo ndi transifoma, m'muyeso wa kVA, n'chifukwa chake iwo amagula zipangizo zokonzera power factor. Koma mita ya panyumba imawerenga kWh.

Palinso mtundu wina wa zipangizo, womwe wachuluka masiku ano: matchaja a foni, mababu a LED, TV, laputopu. Izi sizikoka karenti mosalala ngati funde. Zimadikira voteji ifike pafupi ndi nsonga, n'kumeza kamodzi n'kamodzi, kenako n'kusiya. Mukajambula karenti yake imaoneka ngati minga, osati mafunde. Chida chomwe chimangoganizira kuti funde lililonse ndi losalala chimasokonezeka apa. Koma mita yojambula maulendo ambirimbiri pa funde limodzi imaiona mingayo momwe ilili.

Apa pali phunziro kwa anyamata omwe akuphunzira za magetsi kapena kuika masola m'midzi. Timamita ta m'manja totchipa tomwe timagulitsidwa m'misika, tambiri sitiyeza RMS yeniyeni. Timayeza pakati pa fundelo titalitembenuzira mbali imodzi, n'kuchulukitsa ndi 1.11, nambala yomwe imagwira pokhapokha funde likakhala losalala. Mukayeza nako inveta yotchipa yomwe funde lake ndi lamakonamakona, kapena karenti ya matchaja, kakunamizani. Chida cholembedwa kuti True RMS ndiye chimachita masamu onse. Choncho amisiri akabwera ndi kamita kawo n'kukuuzani kuti mita ya ESCOM ikulakwa, afunseni mwaulemu kuti, "Achimwene, chida chanucho ndi True RMS? Nanga power factor mwaiwerengera?"

Kodi mita singalakwe?

Ingathe. Palibe chida chopangidwa ndi munthu chomwe sichiphonya. Koma kuphonyako kuli ndi malire ovomerezeka, ndipo malirewo amalembedwa pankhope ya mita. Mukayang'ana bwino mupeza nambala ili m'kamkombero, kapena mawu oti Class 1. Malinga ndi miyezo ya bungwe la dziko lonse la IEC, mita ya kalasi 1 siiyenera kuphonya kupitirira gawo limodzi pa magawo 100 ikamagwira ntchito m'malire ake. Pa mayunitsi 100, kusiyana kwake kusapose yuniti imodzi, kaya mokomera inu kapena mokomera kampani. Mita isanachoke kufakitale amaifananiza ndi ina yolondola kwambiri, monga momwe a Malawi Bureau of Standards amayezera masikelo a ogula mbewu ndi mapampu a mafuta.

Pomwe pakudutsa ndalama zambiri, malire amachepa kwambiri. Anthu a kuno ku Mwanza aona nsanja zazitali za nthambo za 400 kV zolumikiza Matambo ku Tete m'dziko la Mozambique ndi Phombeya ku Balaka, zodutsa m'boma lino ndi la Neno. Pamalo pomwe maiko awiri akugulitsana magetsi, mamita ake amakhala a kalasi ngati 0.2, ndipo kawirikawiri amaika awiri, wina woyang'anira mnzake. Koma masamu ake ndi omwe aja a pakhoma panu: voteji kuchulukitsa ndi karenti, kamphindi ndi kamphindi. Ngati maboma amalipirana mamiliyoni potengera njira imeneyi, ndiye kuti njirayo payokha ndi yodalirika.

Mita imatha kuwonongeka ndi mphenzi, madzi olowa mkati, kutentha kwa mawaya osamangidwa bwino, kapena munthu woiseweretsa. Zimachitika. Koma musanafike poiweruza, pali zinthu zina zofunika kuziona kaye.

Mita sidziwa kwacha

Madandaulo ambiri amayamba chonchi: "Kale K5 000 imatha sabata ziwiri, pano siifika n'komwe sabata." Dandauloli ndi loona, koma wolakwa si mita. Manambala 20 a tokeni omwe mumagula pa Airtel Money, TNM Mpamba kapena kubanki sanyamula makwacha. Amanyamula chiwerengero cha mayunitsi. Kusintha ndalama kukhala mayunitsi kumachitika pa kompyuta yogulitsira, potengera mtengo womwe bungwe la MERA lavomereza, atachotsapo misonkho ndi ngongole ngati ilipo pa akauntiyo. Mtengo ukakwera, monga zinachitikira ndalama ya kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yomwe ija imagula mayunitsi ochepa. Mita ikuyenda liwiro lomwe lija, koma mwaipatsa chakudya chochepa.

Ndiye siyani kuwerenga masiku pa kwacha. Yambani kuwerenga masiku pa yuniti. Uthenga wa pafoni umaonetsa mayunitsi omwe mwagula; asungeni manambalawo, muziyerekeza mwezi ndi mwezi.

Ena anayamba kukayikira mita zawo nthawi ija anauzidwa kulowetsa matokeni apadera chisanafike pa 24 Novembala 2024, amvekere, "Atisinthira kuti izithamanga." Nkhani yake inali ina. Dongosolo la matokeni lotchedwa STS, lomwe linayambira ku South Africa, limaika mu tokeni iliyonse chiwerengero cha mphindi zomwe zadutsa kuchokera pa 1 Januwale 1993, kuti tokeni imodzi isagwire kawiri. Malo osungira nambalayo amakwana mphindi 16 777 216 zokha, zomwe ndi zaka pafupifupi 32, ndipo zimathera pa tsiku limenelo. Matokeni apadera aja anali okonza wotchi imeneyi ndi makiyi achinsinsi, m'maiko onse ogwiritsa ntchito dongosololi. Sanakhudze mbali yoyeza magetsi.

Akudya mayunitsi ndani kwenikweni?

Tibwerere pamdadada paja, tiweruze mlandu ndi masamu. Chipangizo chilichonse chili ndi kachikwangwani kosonyeza mawati ake. Chulukitsani mawatiwo ndi maola, mugawe ndi 1 000, mwapeza mayunitsi.

Foni ya batire ya 5 000 mAh imasunga mphamvu pafupifupi 19 Wh. Kuphatikiza zotayika mu tchaja, tinene 25. Ndiye kuti yuniti imodzi ingadzaze mafoni ngati amenewa pafupifupi 40. Makina ometera ambiri sapitirira mawati 15. Ngakhale atalira maola 10 osapuma, sakwanitsa ndi kota ya yuniti yomwe. Babu la LED la mawati 9 loyaka maola 6 usiku uliwonse limatenga masiku 18 kuti limalize yuniti imodzi. Mnyamata wometa uja, yemwe amaoneka wotanganidwa ndi magetsi tsiku lonse, mwina ndi amene amadya pang'ono pa onse.

Tsopano hotipuleti ya mawati 1 500. Nyemba zikakhala pamoto waukulu maola awiri, apita mayunitsi atatu, ofanana ndi kutchaja mafoni oposa 100. Ayironi ya mawati 1 200 kwa ola limodzi imadya pafupifupi yuniti yathunthu. Kachitsulo kotenthetsera madzi osamba mu ndowa, hita ya m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, chowumitsira tsitsi mu saluni, zonsezi ndi za gulu lomwelo. Lamulo lake ndi losavuta kukumbukira: chilichonse chomwe ntchito yake ndi kutenthetsa chimadya kwambiri. Choimba, chowala ndi chotchaja chimadya pang'ono.

Firiji ndi nkhani ina. Mawati ake si ambiri, koma siigona. Ikakhala yakale, labala la pachitseko litatha, kapena mukaiika pomwe pamawomba dzuwa, injini yake imangolira osapuma ndipo mayunitsi amapita mwakachetechete. Ogulitsa mafirizesi ndi zakumwa m'nyengo yotentha ya Okutobala amazidziwa bwino zimenezi.

Nanga magetsi akamabwera ofooka, mababu akuoneka ngati kandulo, mita siiba pamenepo? Ayi. Popeza imayeza voteji yeniyeni ya nthawi imeneyo, osati 230 yongoganizira, voteji ikatsika nayo imawerenga zochepa. Ketulo ya mawati 2 000 ikalandira mavolti 207 m'malo mwa 230, imakoka mawati pafupifupi 1 620 okha. Imachedwa kuwira, ndiye mapeto ake mayunitsi amakhala pafupifupi omwe aja. Choopsa cha magetsi ofooka chili pa injini za firiji ndi pampu, zomwe zimatentha mpaka kupsa. Zikatero ndi bwino kuzizimitsa.

Pali wakuba winanso wosaoneka: mawaya otha. Waya wosupuka wokhudza khoma lonyowa, malata kapena paipi amatayira magetsi pansi, ndipo mita imawerenga chifukwa adutsadi. Chimodzimodzi waya womwe wina anakokera mobisa kupita kunyumba ina kapena ku shopu yakuseri. Apa mita sikunama ayi, ikukuuzani zoona zomwe simukuziona.

Iyeseni nokha ndi foni yanu

Ubwino wake ndi woti simufunika digiri kuti muyese mita. Mufunika wotchi ya pafoni, ketulo ndi kudekha pang'ono. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Poyamba zimitsani chilichonse, muzule mapulagi onse, kuphatikizapo firiji ndi TV. Ngati muli pamdadada, nyumba zonse zichite chimodzimodzi. Lembani mayunitsi omwe akuoneka, mpaka manambala a kuseri kwa kadontho. Dikirani theka la ola kapena ola. Ngati nambala yatsika pomwe palibe choyaka, penapake magetsi akutayika kapena akupita kwina. Tsitsani switchi yaikulu ya pa bokosi la m'nyumba, mudikirenso. Ikasiya kutsika, vuto lili m'mawaya a m'nyumba mwanu, itanani mmisiri wovomerezeka. Ikapitirizabe, vuto lili pakati pa mita ndi bokosilo kapena mu mita momwe, ndipo imeneyo ndi nkhani yokanena ku ESCOM.

Kachiwiri, yatsani chinthu chimodzi chokha chomwe mawati ake mukuwadziwa. Ketulo ya mawati 2 000 ikayaka mphindi zitatu iyenera kudya pafupifupi 0.1 ya yuniti. Mukaiwiritsa kangapo n'kuphatikiza nthawi yonse, yankho limaoneka bwino. Ikadya 0.09 kapena 0.11 musadabwe, chifukwa voteji imasinthasintha ndipo nambala ya pa ketulo si yeniyeni ndendende. Koma ikadya 0.2, pamenepo muli ndi nkhani.

Palinso kagetsi kofiira komwe kamaphethira pa mita. Pafupi nako pamalembedwa nambala, mwachitsanzo 1000 imp/kWh. Kutanthauza kuti kakaphethira ka 1 000, yuniti imodzi yatha. Pa mita yotere, ketulo ija iyenera kukaphethiritsa pafupifupi ka 33 pa mphindi imodzi. Mukafuna kudziwa mawati omwe nyumba ikukoka, werengani masekondi a pakati pa kuphethira kuwiri, mugawe 3 600 ndi nambala imeneyo. Masekondi 36 ndiye mawati 100; masekondi awiri ndiye mawati 1 800. Mamita ena amalemba 1600 kapena 3200, ndiye onani nambala ya mita yanu musanayambe masamu. Ngati mita yanu ndi ija ili pamwamba papolo, inu n'kungokhala ndi kabokosi kolowetsera tokeni m'nyumba, gwiritsani ntchito manambala a pa kabokosiko. Osakwera polo, chonde.

Jambulani zonse ndi foni: manambala a poyamba, a pomaliza, nthawi yake. Mukapeza kuti kusiyana ndi kwakukulu ndipo kukubwerezabwereza, pitani ku ofesi ya ESCOM ndi nambala ya mita ndi umboni wanuwo, mukapemphe kuti adzaiyeze. Ngati simukukhutira ndi momwe dandaulo lanu layendera, MERA ndi bungwe lomwe lamulo linalipatsa udindo womva madandaulo a ogula magetsi. Munthu wofika ndi manambala amamveka mosiyana ndi wofika ndi mkwiyo wokha.

Njira yachidule yomwe imathera kumoto

Pamalo aliwonse sipalephera munthu wonong'oneza kuti, "Aise, ndipatse kangachepe ndikukonzere, izidya pang'ono." Kukonza kwake ndi kudumphitsa waya kuti magetsi azilambalala mita. Uwu ndi mlandu pa malamulo a dziko lino, ndipo mamita ambiri a masiku ano amasunga mbiri chivindikiro chikatsegulidwa. Ena amayeza karenti pa mawaya onse awiri, wolowa ndi wotuluka, kotero zikasiyana amadziwa. Koma choopsa kuposa chindapusa ndi moto. Waya wolumikizidwa mwachinyengo amakhala wosamangika bwino, amatentha, ndipo nthawi zambiri amalambalalanso chitetezo chomwe chikanadula magetsi zinthu zikavuta. Pamdadada wa nyumba zogundizana, moto wa nyumba imodzi ndi wa onse.

Yankho la mkangano wa mabanja anayi aja lilipo, ndipo silifuna kukuwa. Khalani pansi, aliyense atchule zipangizo zake, muwerengere mawati ndi maola, musonkhe molingana ndi kadyedwe m'malo mogawana mofanana. Wa hotipuleti ndi hita apereke zambiri, wa babu ndi tchaja apereke zochepa. Kumene kungatheke, kambiranani ndi eni nyumba kuti khomo lililonse likhale ndi mita yake, kapena aike timamita tating'ono towerengera nyumba iliyonse payokha, toikidwa ndi mmisiri wodziwa ntchito.

M'dziko momwe mabanja ambiri akumidzi akudikirabe kuti polo ya MAREP ifike kwawo, amene magetsi anawafika ali ndi chinthu chofunika kuchisamala ndi kuchimvetsa. Mtengo wa yuniti ndi nkhani yoyenera kukambidwa poyera, ndipo ogula ali ndi ufulu wofunsa MERA ndi ESCOM mafunso ovuta. Koma funso loti yuniti ikutha bwanji m'nyumba mwanu, limenelo mungaliyankhe nokha madzulo ano. Mita ikadzaliranso tii, tii, tii, musanaloze chala mayi a nyumba yakumapeto kapena mnyamata wometa, tengani foni, tsegulani wotchi, muyambe ndi ketulo.